Thabwa Lokhota la a Zakeyu

Khalani pansi ana inu, mtedzawo muziswa uku mukumvetsera, pakuti munthu samvera m'manja. Iwe Tadala, ndakumva m'mawa uja ukuuza anzako kuti chitseko cha agogo n'chochititsa manyazi, ati chili ndi mpata woti mphaka n'kulowa osawerama. Usakane, amene andithawa ndi maso, makutuwa alipo onse awiri. Amalume anu abwera kawiri konse ndi nkhani yoti andigulire chitseko chachitsulo ku Mponela, ndipo kawiri konse ndawabweza. Lero ndikuuzani chifukwa chake. Chitseko chimenechi chili ndi mwini wake, ndipo mwini wakeyo ndinamulakwira kwambiri.

Inu mwandipeza ndili mlimi wa chimanga ndi fodya, koma ntchito imene inandilera ine ndi yocheka matabwa. Sindikunena makina a masiku anowa, oti munthu mmodzi agwetse mtengo m'mawa, madzulo matabwa ali pangolo. Ife tinali ndi sowo, chitsulo chachitali kuposa munthu, chokhala ndi chogwirira uku ndi uku. Tinkakumba dzenje lakuya, n'kugoneka mitanda pamwamba pake, n'kugubuduzirapo chipika. Mmodzi ankaima pamwamba pa chipikacho, wina m'dzenje. Wapansi akakoka, wapamwamba ankapereka, wapamwamba akakoka, wapansi ankapereka, choncho mpaka dzuwa kupendeka. Ine ndinali wa m'dzenje. Utuchi umene ndinameza pa moyo wanga mutauwunjika pamodzi, mukhoza kudzaza nkhokwe ya amayi anu.

Wapamwamba wanga anali a Zakeyu, a kumapiri a Ntchisi uko. Dzinali silinali lowanena ayi, n'limene anabatizidwa nalo, koma linawayenera, chifukwa anali aafupi ndipo moyo wawo wonse anaukhala pamwamba pa mitengo. Anali aakulu kwa ine ndi zaka zingapo. Ndinkawatchula kuti akulu, iwo n'kumati mphwanga, mpaka anthu ambiri ankayesa kuti tinayamwa bere limodzi. Ntchito tinaigawana chonchi: ine ndinkalemba mzere, iwo ankautsata. Ndinkanyika chingwe m'madzi a makala osinja, kapena zakuda zija za m'mabatire akutha a wailesi, n'kuchikunga pachipika, n'kuchinyamula pakati pang'ono, n'kuchisiya kuti chimenye. Pankatsala mzere wakuda woongoka bwino. A Zakeyu ankayendetsa sowo pamzere umenewo ndi diso lawo lokha, ndipo diso limenelo linali lodziwika kuyambira kwa Msakambewa kuno mpaka kuseri kwa mapiri. Akalipentala ankati thabwa la a Zakeyu silivuta kupala.

Tinkanyamuka tikatha kukolola, nyengo ya mphepo ngati ino. Ulendo unali wapansi, sowo paphewa titaikulunga m'saka, ikugwedezeka ndi kulira njira yonse, tupa yonolera ili m'thumba. Agogo anu aakazi, a Nankhoma, ankatikonzera kamba wa chimanga chokazinga, mtedza, ndi chigumu chokulunga m'masamba a nthochi. A Zakeyu ankachikonda chigumu chimenecho moti ankayamba kufunsa tisanawoloke ndi mtsinje woyamba womwe. "Mphwanga, katundu wa alamu uja akukulemera, bwera naye ndikuthandize." Kumapiriko kumazizira, ana inu. M'mawa nkhungu imakhala pansi mpaka mnzako ali apa iwe osamuona. Tinkagona mumsasa wa udzu, kudya nyemba ndi mbatata zootcha, tsiku lamwayi uchi. Inu masiku ano ulendo wa kuchigayo pomwepa mufuna njinga yamoto, ndipo mukafika mukuti msana.

Tinacheka limodzi mpaka imvi zinatipeza tonse awiri. Ana anga, makolo anuwa, anakulira m'manja mwa a Zakeyu, ndipo a Nankhoma sankafulula thobwa osawasungira chipanda chawochawo. Ndikunena izi kuti mudziwe kuti zimene zinachitika pambuyo pake sizinali pakati pa anthu ongodziwana.

Chaka china tinapeza ntchito ya chipika chachikulu cha mbawa, cha munthu wina amene ankamanga nyumba. Ndinamenya mzere monga mwa nthawi zonse n'kutsikira m'dzenje. Sowo isanalowe n'komwe, ndinamva a Zakeyu pamwamba akuti, "Mphwanga, mzere wakowu wakhota."

Ndinatuluka, n'kuunguza bwinobwino. Mzere unali woongoka. Koma poti munthu wamkulu wanena, ndinaufufuta n'kumenya wina.

"Wakhotanso," iwo anatero. "Kuno uli bwino, uko uli bwino, koma pakatipa ukuchita ngati njoka."

"Akulu, chingwe chokungika chingakhote bwanji?"

"Ndiye ukuti ine ndikunama?"

Ndinabwerera m'dzenje. Tinayamba kucheka, ndipo ndinkamva m'manja mwanga momwe kuti sowo ikupotozedwa. A Zakeyu ankaongola malo amene sanakhote. Thabwa loyamba linatuluka ndi mimba, lachiwiri chimodzimodzi, lachitatu ndiye losaneneka. Mwini chipika atabwera anangogwira pakamwa. Anati mtengo umene anausunga kuyambira ali mnyamata tauononga tsiku limodzi, ndipo matabwa otero tiwatenge tokha.

Manyazi ndi amene anatilankhulitsa tsiku limenelo. Ine ndinati, "Akulu, ngati mwatopa nayo ntchito nenani, osanamizira chingwe." Iwo anati, "Kapena iwe wayamba kulawa zowawa, n'chifukwa chake dzanja likunjenjemera?" Kunena zotero kwa ine, mkulu wa mpingo, amene sindinalawepo ndi dontho lomwe. Iwo anatenga sowo n'kukwera kwawo, ine ndinasenza matabwa okanidwawo ndi kubwera nawo kuno. Poti kutaya mbawa n'kulakwa, ndinakhoma chitseko. Ndi chimenechi mukuchisekachi.

Kuyambira pamenepo sitinachekenso. Udani weniweni panalibe, tikakumana pamsika tinkapatsana moni, koma moni wa pakamwa pokha. A Nankhoma ankandiuza kawirikawiri kuti, "Bambo, pitani mukawaone alamu, mwina pali chimene chikuwavuta." Ine ndinkati amene anayamba kutukwana mnzake ndi amene ayambe kuyenda. Zinadutsa zaka zingapo chonchi.

Kenaka agogo anu aakazi anadwala n'kutisiya. Iwe Chisomo unali kumbuyo kwa amayi ako, enanu munali musanabadwe. Uthenga tinatumiza konsekonse, ndi kwa a Zakeyu komwe, ngakhale ndinamva pambuyo pake kuti wotumidwayo anasemphana nawo panjira. Anyamata anathyola masamba n'kuwayala pamsewu, ena kumtunda kuja pali mtengo wa mango, ena kumunsi pafupi ndi mlatho. Inu mukudziwa tanthauzo lake. Munthu akaona masamba pamsewu amadziwa kuti pamudzi pagwa zovuta. Wa njinga amatsika n'kumaikankha, wa chipewa amavula, ndipo ngakhale wa galimoto amayenda pang'onopang'ono. Zimenezi sachita kuphunzitsa munthu wamkulu.

M'mawa wa tsiku loika maliro, ife amuna tinali titakhala pansi pa mtengo uwo, moyang'ana kumsewu. Amayi anali m'nyumba ya siwa, nyimbo itangodukiza kumene, pamudzi ponse pali zii. Mphepo ya mwera inali ikuwomba. Ndipo tinaona njinga ikutsetsereka kuchokera kumtunda, wokwerapo atavala chijasi ndi chipewa chofika m'makutu. Nkhuku inatuluka m'tchire cha m'mbali mwa msewu, iye n'kuizemba bwinobwino. Atafika pa masamba aja anangowaponda, osatsika, osavula chipewa, nkhope atatembenuzira kutsidya, ngati safuna n'kuona komwe nyumba yanga. Anali a Zakeyu.

Anyamata anawathamangira n'kuwagwira kumlatho. Anabwera nawo akukankha njinga, chipewa chili m'manja. Atamva kuti amene wamwalira ndi a Nankhoma analira mokweza ngati mwana. Koma pofika pamene tinakhala, anagwada pamaso pa mng'ono wanga, agogo anu aang'ono aja, n'kuyamba kupepesa iwo, ine mwini maliro ndili pambali pomwepo. Wina atawakodola n'kuwalozera kwa ine, anandigwira dzanja, koma maso ali kumbali, cha kukhola la mbuzi.

"Mphwanga, sindinaone," anatero. "Masambawo sindinawaone. Ndinangomva njinga ikuponda tinthu."

Ine ndinawayang'ana m'maso. Ana inu, ife matenda a maso amene tinkawadziwa ndi ng'ala, ija imayeretsa diso kuti aliyense aone kuti munthuyu wachita khungu. Maso a a Zakeyu anali oyera poyera, akuda pakuda, opanda kachitsotso. Mumtima mwanga ndinati, munthu watsika mapiri onse aja panjinga osagwera m'ngalande, wazemba nkhuku ife tikuona, ndiye alephere kuona masamba odzaza msewu? Ndinati uyu akubwezera za chingwe zija, ndipo wasankha tsiku la maliro a mkazi wanga. Ndinachotsa dzanja langa m'dzanja lawo, n'kunena anthu onse akumva kuti, "Nkhuku munaiona, a Zakeyu. Pitirizani ulendo wanu."

Sanapite. Anakhala kumapeto kwa anthu mpaka tinabwerako kumanda, popanda wowalankhula, kenaka anakankha njinga yawo kubwerera kumtunda. Mbiri inawanda m'midzi yonse kuti a Zakeyu anaponda masamba a maliro a mlamu wawo dala. Patapita zaka ziwiri akazi awo anamwalira, uthenga unafika pakhomo pano, ine osapita. Ndipo poti ine sindinapite, pamudzi pano sipanachoke munthu ndi mmodzi yemwe. Mayi amene ankatiphikira nyemba kumapiri kuja anaikidwa popanda nkhope ya kwathu kuno. Pa zonse zimene ndinachita pa moyo wanga, chimenechi ndi chimene chimandiwawa koposa.

Tsopano akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe. Dzinja la dzana ndinapita kumunda kukaona mizere imene anaunga atate ako, iwe Mphatso. Nditaima kumutu kwa munda ndinaona mizere yonse yapindika pakati. Ndinakalipa. Ndinati, "Kodi kulima kwa masiku ano n'kotere? Kuno ili bwino, uko ili bwino, koma pakatipa ikuchita ngati njoka." Mawu atangotuluka, ndinaima chilili. Ndinawadziwa mawu amenewo. Atate ako anangoti, "Bambo, mizereyi ndaunga ndi chingwe."

Sindinauze munthu. Ukalamba uli ndi kunyada kwake, mudzakuona nokha. Kutchalitchi ndikatsegula buku la nyimbo, mawu a pakati ankasowa, otsala a m'mphepete okha, ndiye ndinkangoimba za pamtima buku lili chotsegula. Munthu akamabwera kutsogolo kwanga ndinkaona miyendo, mikono ndi malaya, koma pankhope pali kamtambo. Ndinayamba kuzindikira anthu ndi mayendedwe ndi mawu. Ndinatulukiranso ndekha kuti ndikapotoza nkhope pang'ono, n'kuyang'ana kumbali, chinthu chija chimaonekako. Inu munkaseka kuti agogo akuyang'ana ngati nkhuku yoona kabawi, ndipo ndinkakumvani.

Chimene chinandigonjetsa chinachitika mwezi wa masika. Ndinkapita kumudzi wa kutsidya, chipewa kumutu, ndodo m'manja, ndikuimba kanyimbo kanga. Ndinamva mapazi akuponda zofewa, osalabadira. Kenaka mayi wina anandigwira mkono mwaulemu, n'kundinong'oneza kuti, "Agogo, chipewa. Pano pali zovuta." Ndinali nditadutsa masamba, ndili pakati penipeni pa anthu a pamaliro. Palibe amene anandinyoza. Anangoti nkhalambayi maso ayamba kuvuta, n'kundipatsa pokhala. Ine ndinakhala pamenepo n'kulira misozi yeniyeni, anthu n'kumayesa kuti ndikulira malemuyo, chonsecho sindinkamudziwa n'komwe.

Ndi pamene ndinauza azakhali anu, a Esinati, ndipo iwo ananditengera kuchipatala tsiku limene kunabwera adokotala a maso. Pabenchi tinadzazana nkhalamba zokhazokha, ena a ku Mtengowanthenga, ena a kumapiri, aliyense ndi womuperekeza. Adokotala anandidontheza mankhwala, n'kuunika m'kati ndi kanyali, nthawi yaitali ndithu. Kenaka anandifotokozera bwino, ngati munthu wolankhula ndi bambo ake. Anati kuseri kwa diso, m'kati, kuli kamalo kakang'ono kamene kamaona zinthu za pakati, monga nkhope, zilembo ndi ulusi wa singano. Kamalo kameneko kamatha ndi ukalamba mwa anthu ena, koma m'mbali mumatsala mukuona. N'chifukwa chake kunja diso limaoneka labwinobwino.

Ndinafunsa kuti, "Adokotala, ndiye munthu wotere angathe kuzemba nkhuku yochokera m'mbali, koma osaona chinthu chimene chili patsogolo pake?"

"Kwambiri, agogo," anatero. "Ndipo chizindikiro choyamba kwa ambiri n'choti mizere yoongoka imaoneka yokhota."

Ndinafunsanso ngati ndi matenda osowa. Anati ayi, pakati pa anthu okalamba amawapeza kawirikawiri, kungoti ambiri safika kuchipatala, amangoti ndi ukalamba, ndipo achibale awo amawayesa amwano kapena osokonezeka mutu. Anati si ng'ala yoti n'kuchotsa, ndipo magalasi a pamsika sachiza. Ulipo mtundu wina umene umathamanga, umenewo akaupeza msanga amatha kuuchedwetsa kuchipatala chachikulu, n'chifukwa chake munthu asamazengereze. Wangawu anati ndi woyenda pang'onopang'ono, ndipo sudzandisiya mumdima wathunthu. Anandilangiza kudya ndiwo zamasamba ndi kutalikirana ndi utsi wa fodya. Chimenecho ndikuuza iwe Chisomo, usayese kuti fungo lija sindilimva.

Pobwerera ndinayamba kuwerenga anthu m'mutu. Amayi anga ondibereka, amene pa ukalamba wawo ankapeta nyemba nkhope ili kumbali, ife n'kumati ndi khalidwe lawo. Mkulu wa mpingo uja amene anasiya kuwerenga mawu kutsogolo, n'kumati achinyamata aphunzireko. Mayi wa kumunsi uja amene anamwalira anthu akumunena kuti ndi wonyada, sapereka moni panjira. Onsewo tinakhala nawo, tinadya nawo, ndipo palibe mmodzi amene tinamufunsa kuti kodi mukuona bwanji. Ndinauza azakhali anu kuti, "Esinati, mawa undiperekeze ku Ntchisi." Iwo anati tidikire mphepo ithe. Ine ndinati mlandu suola, koma munthu amafa, ndipo a Zakeyu ndi aakulu kwa ine.

Tinakwera njinga zamoto ziwiri, ine nditatseka maso njira yonse, ngakhale kuti otsekawo analinso osathandiza. Mumtima ndinali ndi mantha awiri, kuti mwina ndikapeza manda, kapena ndikawapeza amoyo koma n'kundibweza monga ndinawabwezera ine. Ndinanyamula chigumu chimene anaphika amayi ako, Tadala, chokulunga m'masamba a nthochi. Sichifika pa cha agogo anu, koma usakawauze.

Tinawapeza. Mpongozi wawo, mkazi wa mwana wawo, anatilandira n'kutiyalira mphasa pakhonde. A Zakeyu anali atakhala pampando wa ndalema akuothera dzuwa, atachepa kuposa kale. Ndinapereka moni, ndipo ndisanatchule dzina langa iwo anati, "Mawu awa ndi a munthu wa m'dzenje."

"Ndine ndemwe, akulu."

"Wabwera kudzaona ngati ndafa?"

"Ndabwera kudzakuuzani kuti masamba aja simunawaone."

Kenaka anati, "Ndinakuuza tsiku lomwelo."

"Munandiuza. Ine ndi amene sindinamve."

Ndinawafotokozera zonse, za mizere ya kumunda, za chipewa changa pamaliro a eni, ndi zimene ananena adokotala. Iwo anali asanapiteko kuchipatala. Zaka zonsezi ankayesa kuti wina anawachita chipongwe, kapena kuti ndi chilango cha tchimo limene sakulidziwa. Anati tsiku la maliro lija ankapita ku Mponela mobisa kukagula magalasi, pakuti mmisiri wodziwika ndi diso sakanatha kuuza anthu kuti diso lamuthawa. Nkhope anatembenuzira kutsidya kuti aone msewu, osati kuti apewe nyumba yanga.

Kenaka anafunsa motsitsa mawu kuti, "Mphwanga, tandiuza zoona. Chingwe chija chinali choongoka?"

"Chinali choongoka, akulu."

"Kawiri konse?"

"Kawiri konse."

Anapukusa mutu. "Ndiye nanenso ndinakusungira mlandu wopanda pake. Mpaka lero m'mawa ndinkati unakhotetsa ndiwe. Ndipo za mowa zija ndinanena ndi manyazi chabe."

Ine ndinati zimenezo n'zazing'ono, mlandu waukulu ndi wanga. Ndinatsika pamphasa n'kugwada pa dothi, mawondo akulirira, ndipo ndinapepesa maliro a akazi awo, amene ndinayenera kuwapepesa zaka khumi zapitazo. Anati, "Tsiku limene tinkamuika lija ndinkamvetsera kumsewu mpaka dzuwa kulowa. Gulu lililonse likafika ndinkafunsa kuti, kodi awo ndi a kwa Msakambewa?" Mawu amenewo sanawanene mokalipa, ndipo bwenzi zili bwino akanakalipa. Atatero anatambasula dzanja, n'kufufuza mpaka anapeza phewa langa, nati, "Dzuka, m'dzenje unakhalamo kokwanira."

Tinanyema chigumu chija. Anati n'chabwino koma mchere wachepa, alamu sankaphika chotere. Anatuma mpongozi wawo kukatulutsa sowo ija, ili ndi dzimbiri, koma anaisunga kudenga zaka zonsezi. Anandifunsa za matabwa okanidwa aja, ndipo nditawauza kuti ndi chitseko cha nyumba yanga anaseka mpaka kutsokomola. Kenaka anandifunsa chinthu chimodzi. Anati, "Ine dzina langa kwanu kuja linafa kale. Ndikadzagona, kudzabwera munthu?" Ndinawalonjeza kuti kudzabwera mudzi wonse. Sabata yotsatira ndinaimirira m'tchalitchi mwathu, munandiona, n'kuuza anthu kuti a Zakeyu sanalakwe, wolakwa ndinali ine. Tsopano lonjezo limenelo ndikulisiya m'manja mwanu. Kaya ine ndidzakhalapo kaya ndidzakhala nditatsogola, uthenga wa ku Ntchisi ukadzafika, mudzanyamuke nonse, ndipo pa masamba mudzatsike.

Koma ndisaiwale chimene chinachitika tisanatsanzike. Ndinafuna kuona nkhope yawo, pakuti zaka zinali zitachuluka. Ndikawayang'ana mwachindunji ndinkangoona kamtambo kaja. Ndiye ndinatembenuzira nkhope yanga cha kunkhokwe, ndipo m'mbali mwa diso ndinawaona, imvi zawo, makutu awo aakulu aja, ndi chipsera cha pachibwano chimene inawasiyira sowo tili anyamata. Iwonso anali atatembenukira cha kukhola. Tinakhala choncho, wina kuyang'ana uku, wina uko.

Azakhali anu ataona zimenezo anakhumudwa. Anandiyandikira n'kunong'ona, koma mokweza ndithu, kuti, "Bambo, mwayenda ulendo wonsewu, mwagwada ndi kugwada komwe, ndiye mukulephera kuwayang'ana kumaso?"

A Zakeyu anamva. Anati, "Musiye, mwana wanga. Akundiyang'ana ameneyo, nanenso ndikumuyang'ana. Wakalamba bwanji mphwanga."

Ndiye chitseko chimenechi chikhala pomwepa mpaka ine nditatulukirapo mtembo, mphepo izilowa momwemo. Ndipo inu, mukamandilankhula ine n'kutembenukira kumbali, musamati agogo atopa nafe kapena akwiya. Tadala, siya mtedzawo, sendera kuno ukhale apa. Ndiyang'ane kukhola la mbuzi uko, ndione ngati wayamba kufanana ndi agogo ako aakazi.